Khola Lopanda Polowera

Madzulo aliwonse, dzuwa likapendeka, mkazi wa a Levulo ankatuluka ndi beseni la madeya kukalowetsa nkhuku m'khola. Sizinali zambiri ayi: mathadzi asanu, tambala mmodzi wotsimphina, ndi anapiye khumi ndi awiri amene ankathamangira kulikonse kupatula kukhomo la khola. Mayiyo ankawakusa ndi manja awiri uku akuwakalipira, ndipo mwamuna wake ankaima pakhomopo atagwira chitseko, simenti isanachoke n'komwe m'zala.

"Mwangoima ngati mlonda wa pasitolo bwanji? Tagwirani uyo akuthawira kubafayo!"

"Ine ndimagwira njerwa, mayi. Zothamangazi n'zanu."

"Njerwa zanuzo zidzaikire mazira, tidzaone."

A Levulo ankaseka, koma chimene chinkawasangalatsa sichinali nthabwalayo. Chinali kungomva mkazi wawo akulongolola.

Bamboyu anali mmisiri womanga nyumba, ndipo dzina lakelo linachokera ku chipangizo chija choyezera khoma, chimene sichinkachoka m'thumba mwake. Anthu ankati a Levulo ngakhale mpando wa kutchalitchi amayamba auyeza kaye asanakhalepo. Khoma lawo silinkang'aluka, chitseko chawo sichinkalira. Ankadzitama nazo, ndipo tisanamizane, ntchito ankaidziwa.

Koma m'nyumba yawo yowongokayo munali chipinda chimene iwo ankachiopa. Atadikira zaka zisanu ndi zinayi, anapatsidwa mwana wamkazi, ndipo mwanayo anakhala masiku anayi okha. Atabwerako kumanda, mayi wake analowa kuchipinda, anatembenukira kukhoma, miyezi itatu n'kutha osayankhula ndi munthu. Chimene chinamudzutsa sanali mapemphero, sanalinso mankhwala. Linali thadzi limene munthu wina anapatsa a Levulo atamumangira chimbudzi. Thadzilo linaswa anapiye pansi pa zenera la kuchipindako, ndipo m'mawa wina mayiyo anadzutsa mutu n'kufunsa kuti, "Kodi akulirawo adya?"

Kuyambira tsiku limenelo a Levulo anadziwa chinthu chimodzi. Nkhuku zimenezi zikadzatha, mkazi wawo adzabwerera kukhoma kuja, ndipo ulendo umenewo sadzatembenukanso.

Ndiye vumbwe anabwera. Khola lakalelo linali la mitengo ndi waya, ndipo chilombocho chinangokumba pansi n'kulowa. Kutacha anapeza nthenga zitamwazika mpaka kudzala, thadzi limodzi palibe, lina lili pakhomo lopanda mutu. Mayiyo sanalire. Anangogwada n'kumatola nthenga imodziimodzi, ndipo a Levulo ataona nkhope yake anaizindikira. Inali nkhope ya miyezi itatu ija.

"Mayi, tandiyang'anani," anatero. "Ndikumangirani khola loti ngakhale nyerere idzayamba yaodira isanalowe."

Ndipo anamangadi. Anakumba maziko ofika m'mawondo, n'kukwiriramo waya ndi mabotolo osweka kuti chokumba chikakumane nazo. Anamanga ndi njerwa zowotcha, pulasitala kunja ndi mkati, pansi simenti. Malata anawakhoma misomali pafupipafupi, ndipo mipata yonse ya pakati pa khoma ndi denga anaimata bwinobwino. Chitseko chinali cha thabwa lochindikala pa felemu yachitsulo. Pamwamba pa khoma lakumbuyo anasiya mabowo anayi olowera mpweya, lililonse kukula kwake ngati njerwa imodzi, n'kuwatchinga ndi waya. Odutsa ankaima n'kumaseka kuti nkhuku za a Levulo zikugona pabwino kuposa abusa.

Vumbwe anazungulira masiku awiri n'kugonja. Koma pali kanyama kena, likongwe, kowonda, kamene kamadutsa paliponse pomwe mutu wake wadutsa. Kanang'amba waya wa bowo limodzi n'kupha anapiye asanu ndi awiri, aliyense ndi kabala kakang'ono pakhosi. A Levulo anachita manyazi ngati agwidwa akuba. Tsiku lomwelo anatseka mabowo atatu ndi njerwa, n'kusiya limodzi lokha, waya wake wophatikiza kawiri.

Nyengo yozizira inali itayamba. Pofuna kupukuta misozi ya mkazi wawo, a Levulo anabwera kuchokera kutauni ndi katoni ya anapiye makumi asanu ongoswedwa kumene. Mayiyo anatsegula katoniyo n'kugwira pakamwa, kenako anaseka, kuseka kwenikweni kochokera m'mimba. Vuto linali lakuti anapiye otere alibe make wowafungatira, amafuna moto. Choncho a Levulo anawoloka msewu kupita kwa mnansi wawo, bambo wachikulire wokhoma zidebe, amene aliyense ankangomuitana kuti a Zidebe. Mkuluyu anali wamasiye, ankakhala yekha, ndipo anali wachibwibwi kwambiri moti anthu ambiri sankadikira kuti amalize mawu ake.

A Zidebe anakhoma mbaula yabwino yokhala ndi chotchingira kuti anapiye asapse, ndipo anaibweretsa okha. Atailowetsa m'kholamo anaima pakati, n'kuyang'ana denga, n'kuyang'ana makoma, kenako kabowo kamodzi kaja.

"A-a Levulo, mo-moto u-umafuna..."

"Umafuna makala, ndikudziwa. Inu khomani zidebe, akulu. Za khoma tisiyireni ife."

A Zidebe anameza mawu awo monga ankachitira moyo wawo wonse, n'kubwerera kwawo.

Madzulo amenewo a Levulo ndi mkazi wawo anasonkha makala m'mbaula, n'kutseka chitseko. Kutacha mayiyo anatsegula, ndipo m'kholamo munali phee. Anapiye asanu ndi anayi anali atagona chagada, miyendo m'mwamba. Panalibe magazi, panalibe bala, panalibe nthenga yothothoka. A Levulo anakwawa ndi tochi kuzungulira khola lonse, anagogoda khoma, anakwera padenga. Panalibe mng'alu woti n'kulowetsapo singano.

Tsiku lotsatira anafa asanu ndi mmodzi. Lachitatu, thadzi lalikulu linapezeka pansi pa mtengo wake wogonapo, lonenepa, nthenga zosalala, maso otseka. Sichinali chitopa, chifukwa chitopa amachidziwa aliyense: nkhuku imazunzika, imapinda khosi, imatuluka mamina. Izi zinkangogona n'kupitirira.

Ndipo khola lenilenilo linasintha. Ukatsegula m'mawa, mpweya wofunda ndi wolemera unkakukankha kumaso, ndipo nkhuku zotsalazo zinkatuluka zikudzandira ngati zoledzera. Tambala uja anasiya kulira. Dzuwa likangolowa, malata ankayamba kumveka kuti thi, thi, thi, kuchokera kumbuyo kubwera kukhomo, ngati wina akuyenda padenga monyang'ama. A Levulo ankadziwa kuti malata amalira akamatenthedwa pansi kunja kukuzizira. Ankadziwa ndithu, koma kudziwako sikunkaletsa tsitsi kunyanyuka.

Nkhani inafika kwa achemwali awo aakulu, mayi wogulitsa kaunjika kumsika, amene pakamwa pawo sipankazizira. Anafika ndi chikwama chili kukhwapa, anasuzumira m'khola, n'kubwerera chafutambuyo.

"Achimwene, vumbwe amasiya nthenga. Likongwe amasiya bala. Nanga ichi chosasiya kanthuchi n'chiyani?"

"Musayambe zimenezo, achemwali."

"Ndayamba ine? Anayamba ndi amene anakutengerani mwana. Waona kuti alamu adzuka, ndiye wabwera kudzamaliza."

"Tsitsani mawu, akumvani."

Koma mayiyo anali atamva kale. Ndipo pofika Loweruka mudzi wonse unali utamva. Pamjigo ankati wina anaona kamoto kakuyenda pamwamba pa khola la a Levulo. Kuchigayo ankati agalu akafika pamenepo amapinda mchira n'kudutsira kutali. Mayi wina anakumbukira kuti mbuzi yake inapoloza sabata lomwelo. Ana analetsedwa kudutsa njira imeneyo dzuwa likalowa, ndipo amene ankabwera kudzagula mazira anasiya kubwera.

Mayiyo anayamba kulondera anapiye ake. Akatha kulowetsa nkhuku madzulo ankalowa nawo, n'kukhala pachidebe pafupi ndi mbaula, chitseko chotseka kuti kutentha kusathawe. Anapempha mwamuna wake kuti amuikire chotsekera chamkati, ndipo a Levulo anaika chachitsulo, cholimba, monga ankachitira chilichonse. Ankatuluka mdima utagwa, atagwira mutu, akuyenda mogwira khoma. Tsiku lina anasanza kuseri kwa khitchini. Koma chimene chinaopsa a Levulo si kusanzako. Ataweramuka, nkhope yake inali yowala.

"Bambo," ananong'ona, "ali momwemo."

"Ndani?"

"Mwana wathu. Amalira pang'onopang'ono, kukona kuja kuseri kwa mbaula. Ukangolowa sumumva. Umafunika kukhalitsa."

"Mayi, amene mukumvawo ndi anapiye."

"Ine ndingalephere kusiyanitsa mwanapiye ndi mwana amene ndinamuyamwitsa?"

A Levulo sanagone bwino. Mawa lake madzulo anauza mkazi wawo kuti akhale m'nyumba, iwo n'kulowa okha m'khola, hamala ili m'manja. Anatseka chitseko n'kukhala pachidebe chija. Makala anali psuu m'mbaula. Anapiye anali ataunjikana, akulira motsitsa. Kwa nthawi ndithu panalibe chilichonse, ndipo bamboyu anayamba kudziseka yekha.

Kenako m'mutu munayamba kugunda. Anafuna kusuntha mwendo, mwendo unakana. Hamala inapulumuka m'manja n'kugwa, koma phokoso lake linamveka kutali ngati lagwera kwa aneba. China chake cholemera chinawakhala pachifuwa. Anayang'ana khoma limene analiyeza okha kanayi konse, ndipo khomalo linali likupendekera kwa iwo. Anapiye anasiya kulira mmodzimmodzi. Ndipo m'batamo, kuchokera kukona kuseri kwa mbaula, munamveka kamawu kakang'ono, kotopa, kodukaduka. A Levulo anali atakamva masiku anayi okha m'moyo wawo, koma sakanakaiwala.

Anagwa pachidebepo n'kukwawa mpaka pachitseko. Atatulukira kunja anagona pafumbi akupumira m'mwamba, misozi ikutsikira m'makutu. Mkazi wawo anawaimirira pamutu.

"Mwamumva?"

"Ndamumva."

"Ndiye ndine wamisala?"

"Ayi. Koma musadzalowemonso, mayi. Muli chinthu choipa m'menemo. Chinandikhala pachifuwa."

"Ndiye mwana akhale yekha ndi chinthucho? Tsiku lija munandiletsa kumuona pomuika m'bokosi, mumati ndikomoka. Musandiletsenso, bambo."

Mumtima mwa a Levulo munali mantha ndi ukali, ndipo ukaliwo unkasowa pogwera.

Unapeza pogwera m'mamawa mwake. Kusanayere bwino, a Levulo anamva kukwecha kuseri kwa nyumba: kwe, kwe, kwe. Anatuluka osavala nsapato, n'kuzungulira khola pang'onopang'ono. Kumbuyoko anapeza a Zidebe ataima pandowa yovundikira, chitsulo chili m'manja. Anali atakanganula kale waya wa bowo lotsala lija, ndipo tsopano ankagogomola njerwa ya bowo loyandikana nalo.

"Akulu! Mukutani pakhola langa?"

Mkuluyo anadzidzimuka n'kutsala pang'ono kugwa. Analoza bowolo, analoza pachifuwa pake.

"Nkhu-nkhu-nkhuku za-zanu... a-a-amayi..."

"Amayi atani? Mkazi wanga mukumufuna chiyani?"

Achemwali aja anali atagona konko usiku umenewo, ndipo anatuluka atafunda bulangete, akukuwa asanaone n'komwe chimene chachitika. Ataona, mawu awo anafika mpaka kumsewu.

"Mayo ine! Wagwidwa! Akuboola njira yake! Onani lilime lamangika, akane bwanji?"

Anthu anayamba kutuluka m'nyumba zawo. A Zidebe anayesanso kuyankhula, khosi likukoka mitsempha, koma anthu akachuluka chibwibwi chawo chinkakula. A Levulo anawagwira malaya n'kuwakankha, ndipo mkuluyo anagwera pamulu wa njerwa n'kuchubuka chigongono. Anadzuka yekha, anatola chitsulo chake, n'kuwoloka msewu anthu akumupatukira ngati wakhate.

A Levulo sanadikire kuti dzuwa likwere. Anakanda simenti, anabwezera njerwa yogomokayo, n'kutsekanso bowo lomaliza lija. Anapaka pulasitala mosalala, n'kuikapo levulo yawo. Kenako anadula mphira wa tayala lakale n'kuukhomera kuzungulira chitseko chonse, pamwamba, m'mbali ndi pansi. Atatseka, chitsekocho chinangoti phwi, osasiya poonekera kuwala.

Mkazi wawo anali ataima pambali akuonerera.

"Nanga mwana azitulukira pati?"

"Sazituluka. Ndipo uyo sadzalowanso kudzamutenga."

Mayiyo anawagwira dzanja lodzaza simentilo, chinthu chimene anali asanachite chimwalirireni mwana.

"Mwachita bwino, bambo. Zikomo."

Tsiku limenelo a Levulo anali ndi ntchito yothira konkire pasitolo ina kutsidya kwa mtsinje, ndipo konkire ukaiyamba suisiyira panjira. Asanachoke anauza mkazi wawo kuti asalowe m'khola mpaka iwo atabwera, adzalowe limodzi. Mayiyo anavomera. Achemwali nawo ananyamuka ulendo wa kumsika, nkhani ikuwayabwa pakamwa.

Chakumasana kunachita mitambo, ndipo kunayamba kamvula kowaza kozizira mpaka m'mafupa. A Levulo ali pamwamba pa makwerero anaganiza za anapiye, kuti m'nyengo yotere mkazi wawo sangawasiye opanda moto. Anadziuza kuti palibe choopsa, khola latsekedwa, masana mfiti siziyenda. Anapitiriza ntchito.

Anafika pakhomo dzuwa lisanalowe. Beseni la madeya linali pakhonde, lodzaza, mvula italinyowetsa. M'nyumba munalibe munthu. Kuchipinda, sutikesi ya pansi pa bedi inali yotsegula, ndipo kashawelo koyera ka mwana uja munalibemo.

Anathamangira kukhola. Chitseko chinali chotsekedwa mkati.

"Mayi! Tsegulani, ndine!"

Zii.

"Mayi, ndabwera! Tinagwirizana kuti mundidikira!"

Anagogoda ndi nkhonya, anaika khutu pathabwa. Munalibe mwanapiye ndi mmodzi yemwe wolira. Anabwerera m'mbuyo n'kudziponya ndi phewa, koma chitseko sichinagwedezeke n'komwe. Anatenga hamala n'kumenya pamene panali chotsekera, thabwa linangotuphuka pang'ono. Abale, palibe chowawa ngati chimenechi. Munthu ankalira, akutukwana chitseko chimene anachisankhira yekha thabwa, felemu imene anaizika yekha mu simenti, ndipo zonsezo zinkagwira ntchito yake mokhulupirika.

Anthu anabwera ndi piki ndi nkhwangwa. Chitseko chitawakanika, anagumula khoma pambali pake, ndipo khomalo nalo linawatengera nthawi. Pobooka, mpweya wotentha unatuluka, ndipo amene anali kutsogolo anabwerera akutsokomola. A Levulo analowa chokwawa.

Nkhuku zonse, zimene mayiyo anazilowetsa msanga pothawa mvula, zinali pansi, tambala, mathadzi, anapiye, osatsala ndi mmodzi yemwe. Mbaula inali itatsala pang'ono kuzima. Mkazi wawo anali atakhala kukona kuja, atatsamira khoma, mutu utawerama pang'ono. Kashawelo anali atakapinda bwinobwino m'manja mwake, atakafungatira pachifuwa, ndipo munalibe kanthu mkati mwake. Nkhope yake inali ya munthu amene wapeza chimene ankafuna.

Mwini chigayo anawanyamula pagalimoto lake kupita kuchipatala. A Levulo anafungatira mkazi wawo njira yonse, akumuuza kuti atsala pang'ono kufika, chifukwa thupi linali likadali lofunda. Kuchipatalako dokotala, mayi wa magalasi, anamuyeza mwachidule n'kumufunditsa nsalu. Kenako anatengera a Levulo m'kachipinda kena n'kuwakhazika pampando.

"Pepani kwambiri, bambo. Ndikufunseniko pang'ono. Munawapeza kuti?"

"M'khola la nkhuku."

"Munali moto?"

"Mbaula ya anapiye."

"Masiku apitawa ankadandaula mutu? Chizungulire? Kusanza?"

A Levulo anadzutsa mutu. "Mwadziwa bwanji?"

"Nanga m'kholamo mpweya umalowera pati?"

"Palibe polowera," anayankha a Levulo, ndipo ngakhale pa ola limenelo mawuwo anatuluka ndi kakunyada kawo ka masiku onse. "Ndinamanga ndekha. Simungalowe ngakhale..."

Sanamalize. Anamva okha zimene ananena.

Dokotalayo anavula magalasi n'kufotokoza mofatsa. Anati makala akamayaka pamalo otsekeka amatulutsa mpweya woipa umene suoneka ndiponso sununkha. Umayamba ndi tizilombo ting'onoting'ono, kenako zazikulu, kenako munthu. Umagwetsa miyendo, umalemera pachifuwa, ndipo munthu amangogona.

"Koma ine ndinamva mwana akulira," a Levulo anatero. "Ndinamumva ndi makutu angawa."

"Mpweya umenewu ukafika m'mutu, bambo, munthu amamva zinthu. Kawirikawiri amamva zimene zili kale mumtima mwake."

"Ndiye kuti sanalimo?"

"Sanalimo."

"Mkazi wanga wafera kukona kopanda kanthu?"

A Levulo anayang'ana manja awo. M'zikhadabo munali mukadali simenti ya m'mawa uja, ndipo apo m'pamene anakumbukira a Zidebe ataima pandowa, akuloza bowo, akuloza pachifuwa.

Anafika kumudzi kutacha, koma anali atachedwa. Pakhomo pa a Zidebe panali ngati padutsa mphepo yamkuntho. Shedi yogwiriramo ntchito inali itagwetsedwa, zidebe ndi misomali zili mbwee mpaka mumsewu, mawindo ophwanyidwa. Mwini wake kunalibe. Ena ankati anamuona akuwoloka mtsinje ndi kathumba kumsana, ena ankati anangozimirira pamaso pa anthu. Mpaka lero palibe akudziwa kumene anapita.

Pakhomo pa a Levulo anthu anali atasonkhana kale. Bamboyu anaima pakati pawo, zovala zikadali za kuntchito, n'kukweza mawu.

"Tamverani, abale. Mkulu uja sanalakwe. Ankaboola kuti mpweya ulowe. Ankafuna kupulumutsa mkazi wanga. Amene wapha mkazi wanga ndine. Ndinatseka ndekha, ndi manja angawa."

Anthu anayang'anana. Mayi wina anayamba kulira mokweza. Achemwali anabwera n'kuwagwira paphewa.

"Khalani pansi, achimwene. Chisoni chakusokonezani mutu."

"Sindinasokonezeke! Adokotala anena kuti ndi makala!"

"Makala? Tonsefe sitiphikira makala? Tafa? Taonani mmene wakutsekerani m'maso munthu uja, mpaka mukumuikira kumbuyo. Nanga mwana munamumva uja analinso makala?"

"Analinso makala," a Levulo anatero. "Mwana wanga sanalimo."

"Ayi ndithu, wamulodza," wina ananong'ona kumbuyo, ndipo mitu inagwedezeka movomereza. Anawagwira mikono mwachifundo n'kuwalowetsa m'nyumba. Anabwereza mawu omwewo kumanda, anawabwerezanso kwa abusa, ndipo kulikonse anthu ankawasisita pamsana n'kumati Mulungu awatonthoze. Munthu ankapempha kuti amuweruze, ndipo panalibe ndi mmodzi yemwe wofuna kumuweruza.

M'mudzimo nkhaniyi amaikamba mpaka pano, ndipo amaikamba mwanjira yawo. Amati kunali mfiti yachibwibwi imene inasunga mwana wa eni m'khola la nkhuku, kenako inabwera kudzatenga make. Amati a Levulo anapenga. Dzuwa likapendeka, amayi ochokera kumjigo amazungulira njira yaitali.

Anamfedwa atabalalika, achemwali atabwerera kwawo, a Levulo anatenga hamala n'kupita kuseri kwa khola. Anagumula bowo limene anatseka m'mawa uja, kenako lachiwiri, lachitatu, lachinayi. Sanasiyire pomwepo. Anapitiriza kugumula mpaka khoma lakumbuyo linatsala lofika m'chiuno, manja akuchucha magazi. Atatopa analowa mkati n'kukhala pansi kukona kuja, n'kutsamira pamene mkazi wawo anatsamira.

Ankadziwa zimene dokotala ananena, ndipo ankazikhulupirira. Komabe anatchera khutu. Anapempha chapansipansi kuti amve kenakake, ngakhale kamodzi kokha, ngakhale kakhale kabodza, kaya kulira kwa mwana, kaya mawu aja owakalipira kuti angoima ngati mlonda. Anakhala choncho mpaka dzuwa linalowa. Munalibe mwana, munalibe make. Munkangodutsa mphepo yozizira, ikulowa mbali iyi n'kutulukira mbali inayo, mmene ikanachitira masiku onsewo akanailola.